Ndigule Bricasti M7 yakale kapena ndingokhala ndi ma plugin?

Fader_wa_Chirimba
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo ndisanaponye ndalama m'madzi. Ndakhala ndikumikisa nyimbo zaka 8, zambiri za makwaya ndi oimba zauzimu, ndipo chaka chino ndayamba kulandira timafilimu tifupitifupi. Reverb yanga yonse, ija imachititsa mawu kumveka ngati ali m'chipinda kapena m'holo, ili m'kompyuta ngati ma plugin (timapulogalamu towonjezera), makamaka Valhalla. Mwezi watha ndinali ku Johannesburg, mnzanga ananditengera ku situdiyo ina komwe amamikisa nyimbo ya mayi wina woimba yekha ndi piyano. Injiniya anatumiza mawu a mayiyo ku Bricasti M7, bokosi lopangira reverb. Abale, sindinamve reverb ayi. Ndinangomva ngati mayi uja wasuntha pang'ono n'kukaima pakati pa holo, mawu ake onse akumveka bwinobwino, mpaka kupuma kwake. Nditabwerera kuno ndayesa masabata atatu kufuna kupeza zomwezo, zikukanika. Mchira wa reverb yanga umamveka ngati wamatidwa pamwamba pa mawu. Ndiye pali munthu akugulitsa M7 yogwirapo kale ntchito, koma mtengo wake ndi ndalama zonse zimene ndasunga zaka ziwiri. Amene munagwirapo mabokosi amenewa, kodi chimene ndinamva chija ndi bokosilo, kapena ndi zina?

Tsabola_Mix
Chipinda chanu munachikonza? Tiyambire pamenepo.

Fader_wa_Chirimba
Ndinaika masiponji kukhoma lakutsogolo ndi m'mbali. Kudenga kulibe kanthu.

Tsabola_Mix
Ndiye yankho mwalipeza kale achimwene. Ku Joni munamva M7 m'chipinda chomangidwira ntchitoyo, pa masipika a ndalama zambiri, ili m'manja mwa munthu woidziwa. Mukaibweretsa m'chipinda cha siling'i yopanda kanthu mudzamva M7 ndi chipinda chanu pamodzi, ndipo chipindacho ndi chimene chidzapambane.

KhutuLaNjovu
A Tsabola akunena zoona pa nkhani ya chipinda, koma musawagwetse mphwayi mnyamatayu, chimene anamva chilipodi. Ine ndinayamba ntchito nthawi ya tepi, ndagwira Lexicon 480L zaka zambiri ndipo M7 ndinaigwirapo kwa mnzanga. Anthu amaganiza kuti popeza ndi bokosi lachitsulo ndiye kuti mkati muli analog. Ayi. M7 ndi kompyuta, 480L ndi kompyuta, Lexicon 224 ya 1978 ija ndi kompyutanso. Kusiyana n'kwakuti kompyuta imeneyi ili ndi ntchito imodzi yokha. M7 inatuluka mu 2007, anaipanga Brian Zolner ndi Casey Dowdell amene anagwirapo ntchito ku Lexicon, ndipo anaika ma DSP 6, timachip towerengera mawu, kuti onse aziwerengera reverb imodzi ya stereo. Wopanga plugin amadziwa kuti inu muitsegula kasanu pa session ya matrack 80, ndiye sangailole kudya mphamvu zonse za kompyuta yanu. Chimene munamva chija, choti munthu wasuntha osati wamatidwa chinthu, chimachokera ku mawu oyamba kubwerera kuchokera kumakoma, ma early reflections, ndi mmene mchirawo umasinthira pang'onopang'ono osabwereza chimodzimodzi. Pamenepo M7 ndi katswiri. Pa mawu a munthu mmodzi ndi piyano, ngati munamva muja, ndi pamene imaonekera kwambiri.

Tsabola_Mix
Madala, zimenezo zinali zoona mu 2007. Laputopu ya lero si ya 2007.

KhutuLaNjovu
Mphamvu ilipo lero, sindikukana. Koma algorithm ya M7 eni ake sanaitulutse ngati plugin. Zimene mumagula, monga Seventh Heaven ya LiquidSonics, anachita kujambula mayankhidwe a bokosilo n'kuwamanga mwaluso kuti azisinthasintha. Ndi yabwino kwambiri, ndimaigwiritsa ntchito. Koma mukayamba kupotoza ma parameter kutali ndi pamene anajambulira, khutu limadziwa.

MayiPost_Jozi
Mwatchula mafilimu, ndiye ndilowererepo chifukwa ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku kuno. Achimwene, ngati mukufuna kupita mbali ya filimu, M7 imodzi sikuthandizani mmene mukuganizira. Choyamba, ndi stereo. Mukapatsidwa ntchito ya 5.1, ija ya masipika 6 ozungulira omvera, mufunika mabokosi angapo, ndipo masitudiyo akuluakulu amene amamikisa nyimbo za m'mafilimu amaikadi atatu kapena kupitirira. Za Dolby Atmos ndiye musanene. Chachiwiri, filimu si nyimbo. M'mphindi zisanu zokha munthu achoka m'galimoto, alowa m'khonde la chipatala, alowa m'bafa, atuluka panja. Malo anayi, reverb zinayi, ndipo iliyonse iyenera kusintha pa frame yeniyeni pamene chithunzi chasinthira. Ndi plugin ndimangolemba automation basi. Ndi bokosi limodzi muyenera kujambula gawo lililonse palokha, nthawi yake yeniyeni, mphindi 20 ndi mphindi 20 ndithu, kulibe kuthamangitsa. Ndiye director abwere Lachisanu madzulo kuti wadula masekondi 12 pakati pa scene. Mudzalira.

Kale malo omikisira mafilimu ankadalira TC Electronic System 6000 ya ku Denmark chifukwa inapangidwira zimenezi: ma engine anayi m'bokosi limodzi, reverb ya 5.1 yoti mutha kuika munthu pamalo pena m'chipinda. Ena akuigwiritsabe ntchito mpaka pano. Koma ntchito yambiri ya dialogue inasamukira m'kompyuta, ndipo sikubwerera.

Fader_wa_Chirimba
Zikomo achemwali. Nanga pa ADR, kujambulanso mawu a osewera mu situdiyo, mumatani? Ndili ndi kafilimu kena komwe mizere ina tinajambulanso mu situdiyo, ndipo ikumveka kuti si ya pamalopo.

MayiPost_Jozi
Pamenepo ndiye bokosi la algorithm silingapose convolution, reverb yogwiritsa ntchito mayankhidwe ojambulidwa a chipinda chenicheni. Altiverb ya Audio Ease yakhalapo kuyambira 2001, ndipo pali zina zaulere zochita zomwezo. Pitani pamalo pomwe munajambulira chithunzicho, imikani maiki pamene panali boom, phulitsani baluni pamene panaima wosewerayo, kapena lizani sweep, kamawu koyesera kokwera kuchokera pansi mpaka pamwamba, pa sipika ngati muli nayo. Mwatenga mayankhidwe a chipindacho. Ngati simungabwerereko, funafunani kuomba kwa clapper koyambirira kwa take, nthawi zina kumakwanira. Komanso onani maiki: ngati pamalopo anagwiritsa shotgun ili mita imodzi kuchokera pakamwa, inu mu situdiyo mwamuika munthu mlomo pa condenser yaikulu, palibe reverb imene ingalumikize zimenezo.

Chitsulo140
Njira ina ndi ya Walter Murch, imene amaitcha worldizing. Pa American Graffiti mu 1973 ankatenga mawu ojambula kale, kuwaliza pa sipika pamalo enieni, n'kuwajambulanso ndi maiki ali patali. Sipafunika kugula kanthu. Ine ndinachitapo ndi mawu a wailesi ya m'minibasi: ndinaika kasipika m'minibasi yeniyeni itaima, maiki kumpando wakumbuyo. Palibe preset ikanandipatsa kulira kwa malata kumene kuja.

DubYaKuNdirande
Inu mukukamba za madola masauzande, pomwe King Tubby ku Jamaica ankangomenya spring reverb ndi dzanja n'kutulutsa bingu limene dziko lonse likutsanzira mpaka lero. Ine ndinachotsa spring mu ampu ya gitala yakufa, ndinailumikiza ku aux ya mikisa, njira yotumizira mawu ku reverb. Pa snare ndi moto.

Wa_Area25
Spring pa kwaya ya anthu 40? Aise, tisasokoneze nkhani.

DubYaKuNdirande
Sindinati pa kwaya. Ndikuti reverb ina ndi chida choimbira, si yonamizira holo yokha. Imeneyo muyenera kuigwira ndi manja nyimbo ikuyenda. Ndi mouse sizituluka.

Chitsulo140
Apa a Dub agunda pamene ine ndimafuna kufika. Tikayang'ana mmene zinthuzi zinayendera, bokosi lililonse lotchuka linatchuka chifukwa cha khalidwe lake, osati chifukwa chofanana ndi chipinda chenicheni. Poyamba kunali zipinda zenizeni: sipika mbali ino, maiki mbali inayo, makoma osalala. Ku Capitol Studios ku Los Angeles zipinda zimenezi anazikumba pansi pa nthaka ndipo zilipobe. Mu 1957 kampani ya ku Germany ya EMT inatulutsa 140, reverb imene timaitcha plate: chitsulo chopyapyala, pafupifupi mamita awiri m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, chopachikidwa m'bokosi lolemera makilogalamu pafupifupi 270. Sichimveka ngati holo iliyonse padziko pano, koma pa mawu a woimba n'chokoma mpaka lero. EMT 250 ya 1976 inali imodzi mwa ma reverb a digital oyamba kugulitsidwa. Kenako 224, kenako AMS RMX16 ya ku England ndi pulogalamu yake ya Nonlin imene inadzaza ng'oma za m'ma 1980, kenako 480L mu 1986. Za 480L, a KhutuLaNjovu andivomereza, theka la ulemerero wake linali LARC, karimoti kaja kokhala pa mikisa. Munthu amakankha slider maso ali chotseka, khutu lokha likugwira ntchito.

KhutuLaNjovu
Eya. Ndipo tinali ndi imodzi yokha, ma engine awiri, A ndi B. Holo ina, plate ina, basi. Nyimbo yonse imalowa m'malo awiri amenewo, n'chifukwa chake zinthu zinkamveka ngati zili pamodzi. Achinyamata amanditumizira ma session ndimapeza reverb 14 zosiyana, iliyonse pa track yake. Gitala ali m'tchalitchi, ng'oma zili m'bafa, woimba ali kuphanga. A Fader, musakhumudwe, koma muwerenge kuti pa session yanu yomaliza munatsegula zingati.

Fader_wa_Chirimba
Ndawerenga. 9.

KhutuLaNjovu
Zimitsani 7. Tsalani ndi ziwiri pa aux, zonse zitumizidwe kumeneko. Musanafike pa reverb ikani EQ, dulani pansi pa 600 Hz ndi pamwamba pa 10 kHz monga ankachitira ku Abbey Road, kenako muzisuntha malinga ndi nyimbo. Ndipo pre-delay, kampata ka pakati pa mawu ndi kuyamba kwa reverb, musaisiye pa ziro. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye khoma likakhala mamita atatu ndi theka kuchokera pamene mwaima, mawu amabwerera patapita ma millisecond 20. Ubongo umagwiritsa kampata kameneko kudziwa kuti munthu ali pafupi, khoma lili kutali. Mukakachotsa, mawu ndi mchira zimaphatikana, ndiye kumata kumene mukudandaula kuja. Pa nyimbo yodekha ya 75 BPM, kugunda kumodzi ndi 800 ms, yesani pre-delay ya 50 kapena 100 ms mumve.

kwaya_mix_Zomba
Ine nkhani ya makwaya ndiyankhepo, chifukwa ndi imene a Fader amadyera. Vuto lathu ambiri timajambula kwaya m'kachipinda, anthu anayi anayi, soprano payokha, bass payokha, kenako tikufuna reverb iwasandutse mpingo. Sizitheka, ngakhale ndi M7. Anthu akamaimba pamodzi m'nyumba yaikulu amamverana, amatsitsa mawu, amadikira nyumba iyankhe asanayambe mzere wina. Chaka chatha ndinanyamula maiki anayi ndi interface kupita ku tchalitchi china chakale cha njerwa, denga lalitali. Tinajambula usiku magalimoto atasiya kudutsa. Awiri pafupi, awiri kumbuyo kwenikweni. Pomikisa ndinangokweza akumbuyowo pang'ono, sindinaike reverb ina iliyonse. Amayi a kwaya ija atamva anangoti ndi ifeyodi. Ndalama imene ndinawononga ndi ya mafuta ndi chopereka ku mpingo.

Wa_Area25
Zimatheka tchalitchi chikakhala cha njerwa. Zambiri zatsopanozi ndi malata opanda siling'i ndi matailosi pansi, mawu amangowawa m'makutu. Mvula ikagwa ndiye mwapita pachabe.

kwaya_mix_Zomba
Ndiye musankhe nyumba ndi nyengo. Kuyambira May mpaka October mvula ili kuti?

Lusaka_Faders
Bwanji palibe akutchula magetsi? Ine ndinali ndi Lexicon PCM 70, ndinaigula kwa mudala wina amene amatseka situdiyo. Ndinaikonda ngati mwana. Tsiku lina magetsi anazima n'kubwera mwamphamvu, inangonunkha. Ndinazungulira amisiri onse amene ndimawadziwa, wina anakonza mbali ya power, koma chip china chinapsa ndipo sichipangidwanso. Ili pa shelefu chaka chachitatu. Ngati mugula, a Fader, ikani pa bajeti UPS yabwino ndi choteteza ku surge, ndipo yang'anani kumbuyo kwa bokosilo ngati ndi la 230 V, chifukwa zambiri zogulitsidwa pa intaneti zimachokera ku America kumene ndi 120 V. Mudzifunsenso kuti ikadwala idzapita kuti. Kuitumiza kunja n'kubwerera ndi ndalama ina yogulira maiki wabwino.

Mlomwe_wa_Leeds
Onjezani msonkho wolowetsera katundu, ndi kusowa kwa forex. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chinthu cha madola 3,000 kapena 4,000 si masewera kwa munthu amene makasitomala ake amalipira makwacha. Funso langa ndi la bizinesi: kodi pali kwaya imene idzakulipirani zowonjezera chifukwa muli ndi Bricasti? Kuno ku UK masitudiyo ena amasunga mabokosi amenewa chifukwa ma injiniya obwera kudzabwereka chipinda amawafunsa asanabuke. Kwa iwo bokosi limabweza ndalama. Kwanuko ndani adzafunse?

KhutuLaNjovu
Sadzafunsa dzina, koma adzamva. Munthu sadziwa chifukwa chake nyimbo ina amaibwereza kakhumi.

Mlomwe_wa_Leeds
Adzamva pa foni, madala, nyimbo itadutsa pa WhatsApp kawiri.

KhutuLaNjovu
Mawu amenewo ndimawakana kwambiri. Tikayamba kumikisa poganiza kuti anthu athu amamvera pa foni basi, ndiye tasiya ntchito. Nyimbo yomweyo idzalira pa wailesi, m'galimoto, pa ukwati pa masipika akuluakulu, ndipo mwana wa woimbayo adzaimvera zaka 20 zikubwerazi pa chipangizo chimene sitikuchidziwa. Tepi zimene tinajambula mosamala kale zija lero zikumveka bwino, zimene tinathamangira zikuchititsa manyazi.

Mlomwe_wa_Leeds
Pamenepo ndavomera, ndinalankhula mopupuluma. Koma mfundo ya ndalama ikadalipo.

DubYaKuNdirande
Mwatchula ukwati mwandikumbutsa. Alipo akudziwa kumene ndingapeze Yamaha SPX90? Ija ya 1985. Ndimaifuna pa live, Symphonic yake pa kiyibodi palibe inzake.

Wa_Area25
Funsani kwa anthu obwereketsa zokuzira mawu akalekale, ambiri anaziunjika m'magalaja chibwerereni mikisa za digital. Alesis Midiverb ndi Quadraverb mupezanso komweko. Koma batire lamkati limakhala litafa, ma preset anu sasungika mpaka mulisinthe.

Tsabola_Mix
Tabwererani ku funso la munthu. A Fader, nayi njira yosawononga ndalama. Pezani wina amene ali ndi M7, mumutumizire mawu ouma a nyimbo ziwiri: ina ya munthu mmodzi, ina ya kwaya ndi zida zonse. Akubwezereni reverb yokhayokha, 100 peresenti wet. Inu mupange yanu ndi plugin, kutalika kwa mchira kofanana, mphamvu yofanana ndendende, chifukwa yokwera ngakhale 1 dB imamveka ngati yabwino. Wina asinthe maina a mafailo inu osaona. Mukailoza kasanu ndi katatu mwa khumi, m'chipinda chanucho, gulani ndipo ine ndidzapepesa pagulu pano.

MayiPost_Jozi
Kumene ndimagwira ntchito ilipo imodzi kuchipinda cha nyimbo. Tumizani WAV ya 48 kHz, 24 bit, muike kaphokoso kamodzi kakafupi koyambirira kuti mudzathe kulinganiza. Ndidzalumikiza pa AES, njira ya digital, kuti ma converter asalowerere pa mayesowo. Loweruka chipindacho chimakhala chopanda anthu.

Fader_wa_Chirimba
Achemwali, Mulungu akudalitseni. Ndatumiza ku inbox.

Chitsulo140
Podikira zotsatira, kanthu kamodzi kwa amene akuganiza zolumikiza bokosi lililonse ku DAW, pulogalamu yomikisira m'kompyuta. Mukadutsa pa analog, mawu amachedwa potuluka ndi pobwerera. Pa reverb ya send kuchedwako kumangokhala ngati pre-delay yowonjezera, sikupweteka kwenikweni, bola mix ya bokosilo ikhale wet yokhayokha. Mukasiyamo mawu ouma ngakhale pang'ono, adzawombana ndi oyambirira aja ndipo woimba adzamveka ngati ali m'paipi. Ndipo mukamaliza jambulani return yake pa track, mulembe dzina la preset ndi manambala onse. Kasitomala akabwera patatha miyezi 6 kufuna kusintha vesi imodzi mudzadziyamika.

Fader_wa_Chirimba
Ndabwera ndi zotsatira. Mng'ono wanga ndiye anasokoneza maina a mafailo, ine ndinatuluka panja. Ndisanayambe ndinachita zimene madala ananena: reverb ziwiri zokha, EQ patsogolo, pre-delay 50 ms. Kunena zoona, pamenepo pokha nyimbo inasintha kuposa mmene ndimayembekezera, kumata kuja kunachepa kwambiri.

Nyimbo ya mayi woimba yekha ndi gitala: ndinailoza M7 maulendo 9 mwa 10. Pa mahedifoni ndiye mosavuta. Pamene mawu akuthera, ya plugin imazimirira ngati utsi wopita mbali imodzi, ya M7 imakhala ngati chipinda chikupumabe. Nyimbo ya kwaya ndi ng'oma, bass, makiyibodi awiri: 5 mwa 10. Kungolota basi. Ndinabwereza tsiku lotsatira makutu atapuma, 6 mwa 10.

Ntchito zanga khumi zilizonse, zisanu ndi zitatu ndi za mtundu wachiwiriwo. Ndiye wogulitsa uja ndamuuza kuti pakadali pano ayi. Mtima ukuwawa chifukwa chimene ndinamva ku Joni chija ndachimvanso m'nyumba mwanga, ndipo tsopano ndikudziwa kuti sindinkalota.

Tsabola_Mix
9 mwa 10 si mwayi. Pa nyimbo yoyambayo ndapepesa monga ndinalonjezera, khutu muli nalo.

KhutuLaNjovu
Mwachita bwino kuyesa. Mukadzakonza denga mudzabwereze mayeso a kwayawo, ndikufuna ndidzamve ngati 5 uja adzakhalebe 5. Ine ndikukayika.

MayiPost_Jozi
Nyimbo za munthu mmodzi zikamabwera muzingotumiza, ndizikudutsitsirani Loweruka chipinda chikakhala chopanda ntchito. Koma muzitumiza mutamaliza kukonza mawu, chifukwa mukasintha take pambuyo pake reverb ija idzakhala ikuimba mzere wakale.

Fader_wa_Chirimba
Ndamva achemwali. A kwaya_mix_Zomba, ndili ndi kwaya ya amayi 32 mwezi wamawa, ndikufuna ndiyese njira yanu ya kutchalitchi. Maiki akumbuyo aja munawaika mamita angati kuchokera pa mzere woyamba, nanga m'mwamba bwanji? Ndipo za denga, alipo akudziwa kumene ndingapeze rockwool mu Blantyre muno, yokhuthala masentimita 10?

kwaya_mix_Zomba
Anali pafupifupi mamita 8, m'mwamba mamita atatu, koma musatengere nambala yanga, nyumba zimasiyana. Afikeni msanga ayambe kuimba, inu muziyenda chobwerera m'mbuyo khutu limodzi mutatseka. Pamene mawu a nyimbo ayambe kusamveka bwino, bwererani kutsogolo sitepe imodzi, imikani pamenepo. Mutenge zingwe zazitali kuposa mmene mukuganizira, ndipo mabenchi opanda anthu muwayale zitenje ngati nyumbayo ikuyankha mopitirira.